Chalenji yowerenga mabuku achikondi chaka chonse: mafunso ndi mayankho kwa owerenga a ku Mangochi

Ikangokwana Januwale, mafunso omwewomwewo amayambiranso kundipeza. Ena amanditumizira pa WhatsApp, ena timakumana pamsika wa pa boma, ena amandikokera pambali kusukulu komwe ndimaphunzitsa n'kufunsa monong'ona. Ndinayamba kuwerenga nkhani zachikondi ndili fomu 1, ndipo kwa zaka zingapo tsopano tili ndi kagulu kakang'ono kuno ku Mangochi komwe timachita chalenji imeneyi limodzi. Mayankho ali m'munsimu achokera pa zomwe taona ifeyo.

Kodi chalenji yowerenga ndi chiyani kwenikweni?

Ndi lonjezo lomwe munthu amadzipatsa yekha kumayambiriro kwa chaka: "Pofika pa 31 Disembala ndikhale nditamaliza mabuku akutiakuti." Kenako buku lililonse lomwe wamaliza amalilemba penapake, kuti aziona pomwe wafika.

Machalenji alipo amitundu iwiri. Wina ndi wongotchula nambala, monga mabuku 12 kapena 30. Yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi ya pa Goodreads, tsamba la pa intaneti la okonda mabuku lomwe linatsegulidwa mu 2007 ndipo kampani ya Amazon inaligula mu 2013. Chalenji yawo ya chaka ndi chaka inayamba mu 2011. Mtundu winawo umakupatsani mitu yoti mupezere mabuku ake, monga "buku la wolemba wa dziko lomwe simunapiteko". Za mtundu wachiwiriwu ndafotokoza pa funso lake m'munsimu.

Pali mphoto? Nanga kulowa n'kolipira?

Ayi, zonse ziwiri. Palibe ndalama yolowera, palibenso chikho. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akulembetseni pa chalenji ya Goodreads, akufuna kukuberani.

Anthu amati mabuku achikondi si mabuku enieni. Kodi ndingawawerengere pa chalenji?

Awerengereni, onse. Funso limeneli limandikhudza chifukwa ndikudziwa komwe limachokera. Ambiri a ife tinakula tikubisa mabuku amenewa. Ine ndinkakutira chikuto cha buku lachikondi la Mills & Boon ndi pepala la khaki, pamwamba n'kulembapo kuti Biology, kuti nthawi ya pulepu aphunzitsi asandilande. Tsiku lina anandipezabe. Anandiimika kutsogolo kwa kalasi n'kuwerenga mokweza chiganizo chimodzi kuti anzanga aseke, ndipo bukulo silinabwerenso. Linali la mnzanga wa ku Namwera, yemwenso anabwereka kwa mchemwali wake. Manyazi a tsiku limenelo ndinayenda nawo zaka zambiri, ndipo ndimawaona pankhope za amayi akuluakulu omwe amandifunsa funsoli lero.

Koma taganizani zomwe nkhani yachikondi imakamba. Imakamba za kusankha munthu wokhala naye moyo wonse, za makolo omwe akukana, za umphawi ndi chuma pakati pa anthu awiri, za kukhulupirirana wina ali kutali. Kuno kwathu, komwe anyamata ambiri ali ku Joni ndipo akazi awo akulera ana okha akudikira foni ya Lamulungu, ndani anganene kuti imeneyo ndi nkhani yopepuka? Ankhoswe amakhalira pansi nkhani zomwezi tsiku lonse, ndipo palibe amawanena kuti akutaya nthawi.

Komanso mabuku amenewa si adzana. Mills & Boon, kampani yosindikiza mabuku, inayamba ku London mu 1908, ndipo kampani ya Harlequin ya ku Canada inaigula mu 1971. Mabuku a Pacesetters, omwe Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977 ndipo olemba ake anali a ku Africa konkuno, ambiri mwa iwo anali achikondi, ndipo ndiwo anaphunzitsa m'badwo wathunthu kukonda kuwerenga. Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya mu 1813, imaphunzitsidwa m'mayunivesite, koma pamtima pake ndi nkhani ya mtsikana ndi mnyamata omwe poyamba sankafunana. Chingerezi chomwe ndimaphunzitsa lero, gawo lalikulu ndinachitola m'mabuku okutira khaki aja.

Buku lililonse lomwe muli chibwenzi ndiye kuti ndi lachikondi?

Osati kwenikweni. Olemba ndi owerenga mtundu umenewu amagwirizana pa zinthu ziwiri: chikondi cha anthu awiriwo ndicho chikhale msana wa nkhani yonse, ndipo mathero akhale okoma, awiriwo akhale pamodzi. Buku lomwe wina wamwalira patsamba lomaliza, kapena lomwe chibwenzi changodutsamo pomwe nkhani yeniyeni ndi ya nkhondo kapena ya apolisi, likhoza kukhala labwino zedi koma silili mu mtundu umenewu.

Izi zimafunika pokhapokha ngati mwalonjeza kuwerenga achikondi okhaokha. Ngati chalenji yanu ndi ya nambala chabe, buku ndi buku.

Ndiike nambala yanji?

Ngati ndi chaka chanu choyamba, ikani 12. Buku limodzi pamwezi.

Tiyeni tiwerengetsere. Mabuku ang'onoang'ono a Mills & Boon aja amakhala ndi masamba pafupifupi 190. Mukamawerenga masamba 10 patsiku, mwina mutatsuka mbale za madzulo, bukulo latha m'masiku 19. Pachaka ndiye kuti mabuku 19. Choncho nthawi yokha si vuto lalikulu kwa munthu wofuna 12. Chomwe chimatigwetsa kuno ndi kusowa kwa mabukuwo: mwamaliza lina Lachiwiri, lotsatira mulipeza pakatha masabata atatu. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti asanatchule nambala ayambe awerenga mabuku omwe angawafikire: angati ali m'nyumba, angati ali kwa anzawo, angati angagule.

Pa intaneti muona anthu akunja akulemba 100 kapena 200. Musatekeseke nazo. Ambiri a iwo ali ndi laibulale yomwe imawatumizira buku pafoni nthawi yomweyo, ndipo ena amamvetsera mabuku akuyendetsa galimoto. Amene wafika 52, buku limodzi pasabata, kuno ku Mangochi wagwira ntchito yaikulu. Nambala mukhozanso kuisintha pakati pa chaka, kuikweza kapena kuitsitsa. Ngakhale Goodreads imalola zimenezo.

Ndamva za chalenji mochedwa, chaka chili pakati. Ndidikire Januwale?

Musadikire. Werengani miyezi yatsala n'kuika buku limodzi pa mwezi uliwonse. Mukakumbukira mabuku omwe mwamaliza kale chaka chomwechi, alembeninso, ndi anu. Aphunzitsi ena m'gulu lathu amayamba chaka chawo mu Sepitembala limodzi ndi chaka cha sukulu, ndipo zimawayendera.

Nanga mabukuwo ndiwapeza kuti kuno ku Mangochi?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo amene wapeza yankho la funso ili wamaliza theka la chalenji.

Yambani ndi anthu. Mabuku achikondi alipo ambiri m'boma lino kuposa momwe timaganizira, kungoti ali m'masutikesi ndi pansi pa mabedi. Amayi omwe anaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, anamwino, aphunzitsi opuma, ambiri anasunga ma Pacesetters ndi ma Mills & Boon awo. Mayi wina wa kumpingo kwathu, nditangotchula nkhaniyi, anandiitanira kwawo n'kutulutsa katoni yomwe kale munali sopo. Munali mabuku opitirira 20, masamba achita chikasu, ena njenjete zitadya m'mphepete, lililonse lili ndi dzina lawo la kuutsikana patsamba loyamba. Anandibwereka awiriawiri kwa chaka chathunthu, ndipo ndikabweza ankandifunsa kuti, "Nanga mwamuona bwanji dokotala uja?" ngati tikukamba za munthu wa pamudzi pomwepo.

Chachiwiri ndi kaunjika wa mabuku. Amene akupita ku Blantyre, Limbe, Zomba kapena Lilongwe, mutumeni ayang'ane kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ndi m'misika. Mabuku achikondi ndiwo amakhala otsika mtengo chifukwa ogulitsa amaika mtima pa mabuku a sukulu. Mukamagula, tsegulani kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo. Ndinawerengapo buku lonse mpaka pomwe mnyamata akuthamangira kubwalo la ndege, n'kupeza kuti masamba asanu ndi limodzi omaliza anathothoka. Mpaka lero zimandiwawa.

Chachitatu, National Library Service ili ndi nthambi m'maboma osiyanasiyana, ndipo kukhala membala kumakulolani kubwereka buku n'kupita nalo kunyumba. Pitani ku nthambi yomwe ili pafupi nanu mukafunse mbali yomwe amaika nthano. Musaiwalenso malaibulale a m'masukulu a sekondale ndi a m'maparishi. M'malo ena ogona alendo ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa nyanja mumakhala shelefu ya mabuku omwe alendo asiya, ndipo ena amalola kusinthanitsa: mwasiya limodzi, mwatenga limodzi. Amene muli ndi m'bale wogwira ntchito kumeneko, mufunseni.

Ndipo amene muli ndi achimwene kapena bambo a kunyumba ku Joni, katundu akamabwera pemphani kuti aikemo mabuku awiri atatu akale. Salemera ngati bulangete.

Pomaliza pali foni. Project Gutenberg, laibulale ya pa intaneti yomwe inayamba mu 1971, ili ndi mabuku akale masauzande ambiri aulere komanso ololedwa ndi lamulo, kuphatikizapo onse a Jane Austen. Buku la mawu okhaokha silidya bandulo, ndipo mukalitsitsa kamodzi mumawerenga popanda intaneti. Chingerezi chake n'chakale, chimafuna kudekha m'machaputala oyamba. Mabuku atsopano a pa Kindle, sitolo ya pa intaneti ya Amazon, amafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja ndipo mitengo yake ndi ya madola, choncho kwa ambiri a ife si njira ya tsiku ndi tsiku.

Pali ma PDF a mabuku omwe amazungulira m'magulu a WhatsApp. Ndi olakwika?

Ndikudziwa chifukwa chake anthu amawatsitsa, ndipo sindinyoza munthu yemwe alibe kwina kopezera buku. Koma ndinene zoona: ngati wolemba sanalole, kumeneko n'kumudyera thukuta. Malawi ali ndi lamulo loteteza ntchito za aluso, la Copyright Act la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Zimandipweteka kwambiri buku likakhala la Mmalawi mnzathu yemwe anasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwake, mwina makope ochepa chabe, kenako wina n'kulijambula ndi foni n'kulimwaza. Wolemba ameneyo sadzalembanso lachiwiri, ndipo ife tomwe tidzakhala tikudandaula kuti nkhani zachikondi za kwathu kulibe.

M'gulu lathu tinagwirizana kuti buku la wolemba wa ku Malawi timasonkherana n'kugula, kenako lizizungulira.

Nkhani za pa Facebook ndi pa Wattpad, zija zimabwera gawo ndi gawo, ndiziwerengere ngati buku?

Ife timaziwerengera, nkhaniyo ikakhala yaitali ndipo yafika kumapeto. Pa Facebook pali olemba a Chichewa omwe amatulutsa nkhani zachikondi gawo limodzi patsiku kwa miyezi, ndipo mukaphatikiza magawowo amaposa buku la masamba 190. Wattpad, apu yowerengerapo nkhani yomwe inayamba ku Canada mu 2006, ndi yodzaza ndi nkhani zotere, zina zolembedwa ndi a ku Africa. Vuto lake ndi loti olemba ambiri amasiyira panjira. Mwatsatira magawo 40, mtsikana wangozindikira kumene kuti ndi woyembekezera, wolemba n'kuzimiririka. Ngati mukufuna nkhani yoti ilowe pa chalenji, sankhani yomwe yalembedwa kuti yatha.

Chenjeraninso ndi ma apu ena omwe amakupatsani machaputala oyamba ulere kenako n'kumakulipiritsani chaputala chilichonse. Nkhani zake amazikoka dala mpaka machaputala mazanamazana, ndipo pomaliza mwalipira ndalama yoposa ya mabuku angapo a pakaunjika.

Kodi ndiyenera kukhala ndi akaunti ya Goodreads?

Ayi. Kope la masamba 40 ndi bolopeni n'zokwanira. Ine ndili ndi akaunti, koma kope ndi lomwe ndimalikhulupirira, chifukwa silifuna bandulo kapena moto wa foni. Ndimalemba tsiku lomwe ndamaliza, mutu wa buku, wolemba, mwini bukulo, ndi mzere umodzi wa momwe landikhudzira.

Ubwino wa Goodreads ndi woti imakuuzani ngati muli patsogolo kapena m'mbuyo pa nambala yanu, komanso mumaona zomwe ena anena za buku musanaligule. Palinso StoryGraph, yomwe anayambitsa Nadia Odunayo wa ku Britain mu 2019, ndipo imakuonetsani mitundu ya mabuku omwe mumakonda. Koma mabuku ambiri a Chichewa ndi nkhani za pa Facebook simuzipeza m'ndandanda wa masamba amenewa, choncho amene amawerenga za kwathu kuno kope limamuthandiza kwambiri.

Machalenji a mitu aja amayenda bwanji kwa munthu wokonda zachikondi zokhazokha?

Awiri odziwika ndi Popsugar Reading Challenge, yomwe imakhala ndi mitu pafupifupi 50 pachaka, ndi Read Harder ya Book Riot, ya mitu 24. Onse anayamba mu 2015. Mitu yambiri mukhoza kuikwaniritsa ndi buku lachikondi, chifukwa mtundu umenewu ndi wotakata: zilipo za mbiri yakale, za m'chipatala, za chipembedzo, za upandu, za mizimu. Koma mitu yawo anaikonzera munthu yemwe angapeze buku lililonse lomwe walifuna. Akanena kuti buku lotuluka chaka chomwechino, kapena lomwe likutchuka pa TikTok, ife kuno timangoyang'anana.

N'chifukwa chake timapanga mitu yathu mu Disembala, aliyense n'kuponyapo umodzi. Tinakhalapo ndi wakuti buku lomwe nkhani yake ikuchitikira m'mbali mwa nyanja, wakuti okondana akhale kutali wina ndi mnzake, wakuti buku losindikizidwa musanabadwe, wakuti buku lobwereka kwa munthu wamkulu kuposa inu. Womwe unatikambitsa kwambiri unali wa okondana a zipembedzo zosiyana. M'gulu lathu muli Asilamu ndi Akhristu, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi msuweni kapena mnzake yemwe anadutsa m'zimenezo. Tsiku limenelo tinakhala pakhonde mpaka mdima, za bukulo tinakamba pang'ono, zambiri zinali za m'mabanja mwathu.

Mutu wa wolemba wa ku Africa timaubwereza chaka chilichonse. Kupatula Pacesetters, ku Nigeria kampani ya Cassava Republic inayambitsa Ankara Press, nthambi yosindikiza nkhani zachikondi za ku Africa. Mutu umodzi buku limodzi, kapena buku limodzi kukwaniritsa mitu iwiri, zimenezo gwirizanani nokha poyamba kuti pasadzakhale kukangana mu Novembala.

Alipo mabuku achikondi a m'Chichewa?

Nthano zazitali za Chichewa zokamba za chibwenzi ndi banja zilipo. Olemba monga Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi analemba mabuku omwe ambiri tinawawerenga kusukulu kapena kunyumba, ndipo mabuku ambiri a Chichewa a nthawi imeneyo ankatuluka ku Popular Publications ya ku Limbe ndi ku Dzuka. Mukawapeza, awerengeni ndipo muwalembe pa chalenji yanu.

Kungoti dziwani kuti nthano zathu zambiri zinalembedwa kuti zilangize. Chikondi chimakhalamo, koma kawirikawiri chimathera m'misozi kuti wowerenga atolepo phunziro. Mukayang'ana zomwe ndanena pa funso la mathero okoma lija, muona kuti si zonse zomwe zingalowe mu mtundu wa zachikondi weniweni. Ineyo ndimalakalaka buku la Chichewa lomwe mtsikana wogulitsa usipa ku Makawa ndi mnyamata wa kabaza akondana, avutika, koma pomaliza zawayendera popanda wina kulangidwa. Olemba a pa Facebook ayamba kutseka mpata umenewu, ndipo n'chifukwa china chomwe timawerengera nkhani zawo.

Nthawi yowerenga ndiipeza kuti? Ntchito, ana, kumunda...

Musaganize kuti miyezi yonse idzafanana. Kuno chaka chili ndi nyengo zake, ndipo nambala yanu iyende nazo. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba ndipo usiku kukuzizira, munthu umalowa m'nyumba msanga ndipo mabuku amayenda. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa Mangochi kumalemeretsa maso, tsamba limodzi tulo tabwera, thukuta likudonthera papepala. Miyezi imeneyo ndimasankha timabuku tating'ono ndipo ndimawerenga m'mamawa kusanatenthe. Mvula ikagwa, amene ali ndi munda amadziwa okha komwe nthawi imapita.

Anzathu achisilamu ambiri amaika pambali nkhani zachikondi mwezi wa Ramadan kuti aike mtima pa Qur'an ndi mapemphero, ndipo Akhristu ena amachita chimodzimodzi nthawi ya Lenti. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, gawani nambala yanu pa miyezi 11 kapena 10 kuyambira pachiyambi, kuti musadzadzione ngati mwatsalira. Kumbukirani kuti Ramadan imasendera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho muziyang'ana kalendala ya chaka chimenecho.

Zina ndi zing'onozing'ono. Buku lizikhala m'chikwama nthawi zonse, chifukwa pamzere wa kuchipatala, kubanki, kapena mu minibasi yodikira kudzaza ya ku Liwonde mumapita maola ambiri. Magetsi akazima, kanyali ka sola kamakwanira. Ndipo mphindi zomwe zimathera poyang'ana ma sitetasi a anthu pa WhatsApp usiku, ndizo masamba 10 aja.

Mabuku ena ali ndi zakuchipinda zambiri. Ndingadziwe bwanji ndisanayambe?

Funso labwino, ndipo musachite nalo manyazi. Mabuku achikondi amasiyana kwambiri pa nkhani imeneyi. Ena amathera pa kugwirana manja, ena amatseka chitseko n'kukupititsani m'mawa wake, ena amafotokoza zonse. Njira yachidule ndi kufunsa amene analiwerenga kale. M'kope lathu la gulu timaika kachizindikiro pambali pa mutu wa buku kuti wobwereka adziwiretu. Osindikiza akuluakulu amagawanso mabuku awo m'magulu: mwachitsanzo Love Inspired ya Harlequin ndi ya nkhani zachikondi zachikhristu zopanda zakuchipinda. Mabuku akale a pa Project Gutenberg aja nawonso ambiri ndi odziletsa.

Palibe amene ayenera kukukakamizani kuwerenga zomwe mtima wanu kapena chikhulupiriro chanu chikukana pofuna kukwaniritsa mutu wa chalenji. Ndipo amene mumawerenga zoterozo, sungani mabukuwo pomwe ana safikira. Mwana wa sitandade 7 yemwe wayamba kukonda kuwerenga amatola chilichonse chomwe chili patebulo.

Pali chinanso chomwe ndimauza atsikana achichepere. M'mabuku ena, makamaka akale, mwamuna wansanje, wolamula, wogwira mkazi mwankhanza amaonetsedwa ngati ndiye wachikondi chenicheni. Werengani ndi maso otsegula. Tikakumana timafunsana kuti, "Mnyamata ameneyu akanabwera kudzafunsira mng'ono wako, ukanavomera?" Yankho limatiuza zambiri za bukulo.

Ndine bambo. Ndingachite nawo?

Bwerani, achimwene. Alipo amuna omwe amawerenga mabuku amenewa, ambiri mobisa, ena amati akungoona zomwe akazi awo akuwerenga koma n'kumaliza buku lonse usiku umodzi. M'gulu lathu alimo, ndipo zokambirana zimakoma iwo akamatiuza pomwe wolemba wamunamizira mwamuna.

Buku lomwe ndabwereza, lomwe ndamvetsera, kapena lomwe ndasiyira pakati, ndiliwerengere?

Lobwereza, inde. Kuno komwe mabuku ndi osowa, kubwereza ndi gawo la moyo wa wowerenga, ndipo buku lomwe munawerenga muli ndi zaka 17 limakhala lina mukaliwerenga muli pabanja. Lomvetsera, inde. Mayi wina m'gulu lathu maso anayamba kuvuta, ndipo mdzukulu wawo wamkulu amawawerengera mokweza madzulo. Onse awiri amalilemba.

Lomwe mwasiyira pakati musaliwerengere, koma musaope kulisiya. Ine ndimapatsa buku masamba 50. Likapanda kundigwira, ndimalibweza n'kutenga lina. Anthu ambiri chalenji imawafera pa buku limodzi lotopetsa lomwe akulikakamira kwa miyezi iwiri chifukwa choti analiyamba.

Timabwerekana mabuku koma ena sabweza. Mumatani?

Timalemba. Kope limodzi limakhala ndi munthu mmodzi, ndipo buku lililonse lotuluka limalembedwa: la ndani, watenga ndani, tsiku liti. Masabata atatu akakwana, wosunga kope amakumbutsa pagulu, mwaulemu. Amene wataya buku kapena lanyowa ndi mvula amabweretsa lina m'malo mwake, ngakhale lisakhale lomwelo. Wotenga buku asalipereke kwa munthu wachitatu mwini wake asanadziwe, chifukwa mabuku ambiri amasowera pamenepo: lachoka pa boma, lapita ku Malindi, kenako mwamva kuti lili ku Makanjira kwa mlamu wa winawake.

Tisanayambe kuzunguliza buku timalikutira ndi pulasitiki ndi kumata msana wake ndi selotepi. Buku la pakaunjika lomwe ladutsa m'manja mwa anthu 10 popanda chikutiro limabwera lili zidutswa. Kusonkherana kumathandizanso: anthu 6 aliyense akagula mabuku awiri pachaka, onse awerenga 12, ndipo nambala ya chaka choyamba ija yakwana.

Chaka chatha ndisanafike pa nambala yanga. Ndiye kuti ndalephera?

Goodreads ingokuonetsani kuti munafika pakuti, basi, ndipo mu Januwale imakufunsaninso nambala yatsopano. Chomwe ndimapempha n'choti mu Disembala musathamangire timabuku tomwe simukutifuna n'komwe pongofuna kudzaza nambala. Tsegulani kope lanu muone miyezi yomwe munaima, ndipo mudzifunse ngati chinakuimitsani ndi kusowa kwa mabuku, nthawi, kapena buku lotopetsa. Lililonse mwa mavuto atatuwa lili ndi funso lake pamwambapa.

Chaka china ndinaika 24 ndipo ndinamaliza 7. Mayi anga anadwala kuyambira Meyi, ndipo miyezi yambiri ndinali wowadikirira kuchipatala, ndikugona pa chitenje pansi pafupi ndi bedi lawo. Mwa mabuku 7 aja, atatu ndinawerengera pomwepo usiku ndi kuwala kwa foni, ndipo limodzi ndinkawamasulira m'Chichewa chaputala ndi chaputala chifukwa ankafuna kudziwa ngati mtsikanayo akwatiwe ndi mphunzitsi kapena mwini sitolo. Iwo ankachemerera mphunzitsi. Atatuluka m'chipatala tinamalizira machaputala awiri otsala kunyumba, pakhonde, ndipo m'kope langa pambali pa mutu wa bukulo ndinalemba mayina awiri, langa ndi lawo. Januwale wotsatira ndinaika 15.